Mayi Wamasiye Adalibe Nkhoswe

Lamulungu la 29 pa Chaka, Chaka C

Mthenga Wabwino wa lero, wochokera pa Luka 18:1-8, uli ndi anthu awiri okha. Woyamba ndi woweruza milandu wa mumzinda wina, munthu wosaopa Mulungu ndiponso wosasamala za anthu. Wachiwiri ndi mayi wamasiye amene wina adamulakwira. Mayiyu ankapita kwa woweruzayo kawirikawiri kukapempha kuti mlandu wake uweruzidwe mwachilungamo. Kwa nthawi yaitali woweruzayo ankangomubweza. Pomaliza adagonja chifukwa chotopa naye, mtima wake uli chiumire. Luka akufotokoza yekha cholinga cha fanizoli: Ambuye Yesu ankafuna kuti ophunzira awo azipemphera nthawi zonse osataya mtima. Ngati woweruza woipa adamvera mayi wamasiye chifukwa chotopa, nanga Mulungu, amene ndi Atate achifundo, angalephere bwanji kumva ana ake olira usana ndi usiku?

M'fanizoli mulinso chinthu china chimene chimaoneka munthu akaliwerenga modekha. Mayiyu adali yekha. M'masiku amenewo bwalo la milandu lidali malo a amuna, ndipo mkazi ankayankhuliridwa ndi mwamuna wake, bambo ake, mlongo wake kapena mwana wake wamwamuna. Kuti mayi azikaonekera yekha pabwalo, ndiye kuti padalibe womuimira. Ndalama zoti akomedwetse nazo woweruza adalibe. Chimene adali nacho ndi miyendo yoyendera ndi pakamwa podandaulira basi. Pachichewa munthu wotere amati alibe nkhoswe.

Aliyense amene adamanga ukwati amadziwa ntchito ya ankhoswe. Ntchito yawo yeniyeni imayamba phwando litatha. Banja likagwedezeka, iwo ndiwo amakhala pansi, namva mbali zonse ziwiri, nayankhulira amene mawu ake akuponderezedwa. N'chifukwa chake n'zogwira mtima kuti Baibulo la Chichewa limagwiritsa ntchito mawu omwewa ponena za Mzimu Woyera, amene Yesu adalonjeza ophunzira ake pa Yohane 14, komanso ponena za Yesu mwini, amene amaimira ochimwa kwa Atate, monga akunenera Yohane m'kalata yake yoyamba. Mulungu wa akhristu ndi Mulungu woimira anthu pamlandu. Choncho mkhristu amene amaphunzira kuimira anzake osowa owayankhulira akuchita ntchito yofanana ndi ya Mbuye wake.

Amasiye a mumzinda uno

Mayi wa m'fanizoli sadathere m'Baibulo. Akupezeka ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi ku Mbayani. Mwamuna wake akamwalira, anthu asanabalalike n'komwe pasiwa, abale a malemu amayamba kuwerenga mipando, firiji ndi malata a nyumba. Sabata ikamatha, makiyi ndi makalata a puloti amakhala ali m'thumba mwa wina, mayi ndi ana akusaka nyumba ya lendi. Akupezekanso pachipata cha ndende ya Chichiri, atanyamula nsima ndi ndiwo m'kontena, akudikira kuona mwana wake amene watha miyezi ali pa rimandi, mlandu osalowa m'khoti. Akupezeka mwa mtsikana wantchito zam'nyumba amene wathamangitsidwa usiku osalandira malipiro ake, ndi mwa mlonda amene wagwira ntchito zaka zambiri n'kuchotsedwa chimanjamanja.

Chomvetsa chisoni n'chakuti malamulo oteteza anthu otere alipo kale. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 ali ndi mutu wathunthu, Mutu 4, wonena za ufulu wachibadwidwe. Ndime 42 ya malamulowa imalamula kuti munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, aloledwe kukumana ndi loya, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lotsatira limene khoti likugwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana patsogolo pamene munthu wamwalira osasiya wilo, ndipo limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Boma lili ndi ofesi ya Legal Aid Bureau yoimira anthu amene sangathe kulipira loya. Koma malamulo ambiri adalembedwa m'Chingerezi chovuta, ali m'mabuku amene mayi wa pamsika sadawaonepo, ndipo ofuna thandizo ndi ochuluka kuposa owathandiza. Lamulo limene mwini wake sakulidziwa lili ngati mankhwala otsekeredwa m'kabati wodwala ali gone pamphasa.

Zimene zimachitika lamulo likapeza wolidziwa zidaoneka mumzinda momwe muno. Mu 2015 wavenda wina wogulitsa majumbo adamangidwa m'mamawa kwambiri akupita ku Limbe kukayamba geni yake. Mlandu wake udali uja aliyense ankaudziwa ndi dzina loti vakabu. Anthu osauka osawerengeka adagonapo m'chitokosi chifukwa cha lamulo limeneli, lochokera m'nthawi ya atsamunda, ndipo ambiri ankangovomera mlandu kuti atuluke msanga. Koma wavendayu adapeza maloya omuimira, nkhani idafika ku Khoti Lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 majaji adagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a milandu, imene adamumangira, ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Munthu mmodzi wogulitsa majumbo atapeza nkhoswe, anzake ambiri amene sadzamudziwa n'komwe adapumira m'mwamba.

Umu ndi momwe Mulungu amayankhira mapemphero ambiri a osauka. M'buku la Daniele, mutu 13, Suzana adanamiziridwa ndi akuluakulu awiri ndipo adaweruzidwa kuti aphedwe. Iye adafuulira kwa Mulungu. Mulungu sadatumize moto kuchokera kumwamba. Adautsa mtima wa Daniele, amene adaimitsa gulu, nalekanitsa mboni ziwirizo, nafunsa aliyense payekha kuti zimene akunenazo zidachitikira patsinde pa mtengo wanji. Mayankho adasiyana, bodza lidaonekera, Suzana adapulumuka. Pemphero lidali la Suzana, koma yankho lidadzera mwa munthu wodziwa kufunsa mboni.

Kubwerera m'kalasi utakula

Masiku ano m'mizinda muli anthu akuluakulu amene akubwerera kusukulu, ndipo ena mwa iwo mtima wawo uli pa malamulo ndi ufulu wa anthu. Angakhale mayi wa zaka 40 amene adasiyira Fomu 2 chifukwa chosowa fizi, walera ana, wachita geni pamsika, tsopano madzulo amakhala pa desiki limodzi ndi amsinkhu wa mwana wake kukonzekera mayeso a MSCE. Angakhale mphunzitsi, wapolisi, namwino kapena kalaliki wa kukhoti amene watopa ndi kuonerera anthu akuluza milandu chifukwa chosadziwa choyankha. Ulendo wake ndi wautali. Pamafunika mapointi abwino, malo ku sukulu ya ukachenjede monga Yunivesite ya Malawi ku Zomba kapena Yunivesite ya Katolika ku Nguludi, zaka zingapo za digiri, kenako kuvomerezedwa kuti aziimira anthu m'khoti. Ena amathera pa satifiketi kapena dipuloma n'kumagwira ntchito ya paralegal, kuyendera ndende ndi maselo a polisi, kufotokozera omangidwa za belo ndi kusaka abale oti adzawaimire. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka chimodzimodzi.

Anthu salephera kuyankhula. Munthu wotere amamva mawu ngati awa pachitsime kapena m'minibasi: "Amayi, pa msinkhu wanuwo sukulu ndi ya chiyani? Siyirani ana." Kapena: "Achimwene, mukadzamaliza mudzakhala mutapuma kale pantchito." Koma munthu wamkulu amalowa m'kalasi ndi chuma chimene mnyamata wongochoka ku sekondale alibe. Iye adaimapo pamzere n'kuuzidwa kuti abwere mawa. Adamvapo kuti fayilo yasowa. Amadziwa kuti mlandu ukaimitsidwa, mayi wochokera ku Bangwe wataya ndalama ya minibasi ndi geni ya tsiku lonse. Amadziwa kufotokoza lamulo m'Chichewa chimene agogo angamve. Akamawerenga za chuma cha masiye, amaona nkhope ya mchemwali wake.

Dziko la Malawi lili ndi chitsanzo chodziwika. Mayi Vera Chirwa, amene adabadwa mu 1932, ndiwo mayi woyamba m'dziko muno kukhala loya. Maphunziro a zamalamulo adawachita ku London m'zaka za m'ma 1960, ali kale pabanja ndiponso ali ndi ana. Mkangano wa nduna wa 1964 utachitika, iwo ndi amuna awo, Orton Chirwa, adakhala moyo wothawa kwawo ku Tanzania, ndipo pambuyo pake mayiwa adaphunzitsa malamulo pa Yunivesite ya Zambia. Pa 24 Disembala 1981, tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi, onse awiri adagwidwa. Adazengedwa mlandu woukira boma m'bwalo la milandu la mafumu, kumene munthu sankaloledwa kukhala ndi loya. Maloya awiri adaima pabwalo opanda nkhoswe, ngati mayi wa m'fanizo uja. Mu 1983 adaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo mu 1984 chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse.

Ali m'ndende ya Zomba, pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya Aepiskopi ya m'nyengo ya Lenti. Mwa zina, kalatayo idadzudzula kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu ndipo idapempha kuti makhoti aziweruza mosakondera. Ambiri amene ali m'tchalitchi lero akukumbukira bata limene lidagwa m'mawa umenewo. Orton Chirwa adamwalira m'ndendemo mu Okutobala 1992. Mayi Chirwa adatulutsidwa mu Januwale 1993, atakhala m'ndende zaka zoposa 11. Adatuluka ali mayi wamasiye wa zaka 60. Akadatha kukapuma, ndipo palibe akadawadzudzula. M'malo mwake adayambitsa bungwe la Malawi CARER lophunzitsa anthu wamba za ufulu wawo, ndipo pambuyo pake bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights lidawapatsa udindo woyendera ndende za mu Africa kuona momwe akaidi akusungidwira. Maphunziro amene adawachita ali mayi wa ana adagwirabe ntchito patatha zaka 30 ndi kuposera, ndipo amene adapindula nawo ndi anthu otsekeredwa m'zipinda zonga chimene iwo adagonamo.

Eklezia nayenso ali ndi woyera amene adabwerera kusukulu atakula. Ignatius wa ku Loyola adali msilikali mpaka pamene adavulala mwendo pankhondo ya ku Pamplona mu 1521. Atatembenuka mtima adazindikira kuti changu chokha sichikwanira pothandiza anthu, pamafunikanso maphunziro. Mu 1524, ali ndi zaka 33, adakhala pansi ku Barcelona pamodzi ndi ana asukulu kuyamba kuphunzira Chilatini. Adapitiriza ku Alcalá ndi ku Salamanca, ndipo mu 1528 adafika ku Paris, kumene adalandira digiri yake atapitirira zaka 40. Pa tchuthi ankayenda mpaka ku Flanders kukapempha ndalama zolipirira maphunziro. Chipani cha Ajezuiti chimene adayambitsa ndi anzake chidavomerezedwa mu 1540, ndipo lero ana a ku Malawi akuphunzira pa sekondale yotchedwa dzina la Loyola ku Kasungu. Ngakhale Mose wa m'mawerengo oyamba a lero adali ndi zaka 80 pamene adaima pamaso pa Farao kuyankhulira akapolo. Mwini munda wamphesa amalemba antchito ngakhale dzuwa litapendeka.

Walira mvula walira matope

Kuitanidwa kotere kuli ndi mtanda wake, ndipo si bwino kuubisa. Fizi imapikisana ndi lendi, ufa ndi fizi ya ana. Magetsi akathima, kuwerenga kumakhala kwa kandulo kapena tochi ya pafoni, munthu atatopa kale ndi ntchito ya tsiku lonse. Mutu umene udasiya kulemba mayeso zaka 20 zapitazo suthamanga ngati kale. Pali kulephera mayeso n'kubwereza, pamene achinyamata a m'kalasi momwemo akupita patsogolo. Apa m'pamene phunziro loyamba la fanizo la lero limagwira ntchito. Mayi wamasiye uja adabwezedwa kangapo, koma m'mawa uliwonse ankamanganso chitenje n'kubwerera. Wophunzira wamkulu amene sapemphera amatha mphamvu msanga, chifukwa zifukwa zosiyira zimakhala zambiri ndiponso zomveka.

Komanso sukulu isasanduke chifukwa chothawira udindo wa pabanja. Malumbiro a paguwa ndi ana amene Mulungu adapereka zidabwera kale, ndipo digiri siingafafanize zimenezi. Nkhani yobwerera kusukulu iyenera kukambidwa m'nyumba, mwamuna ndi mkazi atakhala pansi, kuwerengera ndalama ndi nthawi moona mtima. Koma kukambirana n'kosiyana ndi kutsekereza. Bambo amene amabisa mabuku a mkazi wake poopa kuti adzamuposa akukwirira pansi talente imene Mulungu adapatsa banja lonse, ndipo adzafunsidwa za iyo. Chimodzimodzinso mayi amene amanyoza mwamuna wake pamaso pa ana chifukwa wagwira cholembera ali ndi imvi.

Ngozi yosanduka woweruza uja

M'fanizoli muli mpando wina umene wophunzira malamulo angathe kukhalapo osazindikira. Woweruza uja nayenso adali wophunzira. Malamulo ankawadziwa, kuphatikizapo malamulo a Mose oletsa kuzunza amasiye ndi kupotoza mlandu wa mlendo. Chimene adalibe ndi kuopa Mulungu ndi kusamala za munthu. Ambiri amayamba sukulu ya malamulo akulira ndi osauka, koma akavala mkanjo wakuda n'kuona ndalama za makampani, mayi wa ku Mbayani amayamba kuoneka ngati wotayitsa nthawi. Wantchito ayenera kulandira malipiro ake, ndipo si tchimo kuti loya adyetse banja lake ndi ntchito yake. Tchimo limayamba pamene adya ndalama za chipukutamisozi za kasitomala, pamene achedwetsa dala mlandu kuti wosauka atope, pamene anyamula envelopu kupita nayo kumene siyenera kupita. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo bwalo lomaliza silidzalandira chiphuphu.

N'chifukwa chake Eklezia amaika patsogolo pa maloya nkhoswe yawo, Ivo Woyera wa ku Kermartin, m'dera la Brittany ku France. Adabadwa mu 1253, adaphunzira ku Paris ndi ku Orléans, nakhala woweruza m'bwalo la Eklezia, pambuyo pake wansembe. Ankakana mphatso za anthu a milandu, ankaimira osauka, amasiye ndi ana amasiye osawalipiritsa, ankayendera omangidwa, ndipo ankayesetsa kuyanjanitsa okangana asanawonongerane chuma m'makhoti. Adamwalira pa 19 Meyi 1303 ndipo adalengezedwa woyera mu 1347. Anthu adamutcha loya wa amphawi. Malangizo a Paulo kwa Timoteo m'mawerengo achiwiri akukhudza wophunzira malamulo aliyense: akhazikike pa zimene adaphunzira kuyambira ali mwana, ndipo alole Malembo Oyera kumudzudzula, kumuwongola ndi kumuphunzitsa chilungamo. Buku la malamulo limaphunzitsa munthu kupambana mlandu. Funso loti akupambanira yani limayankhidwa ndi Mawu a Mulungu.

Palinso akhristu amene amakayikira ntchito yonseyi. Amati zaufulu wachibadwidwe ndi zachizungu, zidabwera kudzateteza akuba ndi kupulupudzitsa ana. Kudandaulaku kumachokera pa ululu weniweni wa anthu amene adaberedwa n'kuona wakubayo akuyenda mumsewu mawa lake. Koma gwero la ufulu wa munthu lili pa tsamba loyamba la Baibulo, pamene Mulungu adalenga munthu m'chifaniziro chake. Ngakhale Kaini, atapha mbale wake, adalangidwa koma adaikidwa chizindikiro kuti wina asamuphe. Mayiko a dziko lonse adavomereza chikalata cha ufulu wa anthu pa 10 Disembala 1948, ndipo pa 11 Epulo 1963 Papa John XXIII m'kalata yake yotchedwa Pacem in Terris adaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi ufulu umene sungalandidwe, komanso kuti ufulu uliwonse umayenda ndi udindo wake. Amene amaimira woganiziridwa mlandu sakuvomereza kuba. Akuonetsetsa kuti wolangidwa ndi wolakwadi, ndipo chilango chake n'choyenera. Kumene ntchito imeneyi kulibe, kumatsala tayala ndi petulo, kumatsala agogo ogendedwa ndi miyala ponamiziridwa ufiti. Yesu mwini adaweruzidwa usiku ndi mboni zonama, gulu likufuula, ndipo pa Mateyo 25 adadziika yekha pakati pa akaidi.

Ntchito ya Aroni ndi Huri

Mawerengo oyamba, Eksodo 17:8-13, akusonyeza mbali ya mpingo wonse. Yoswa ankamenyana ndi Aamaleki m'chigwa, Mose ali pamwamba pa phiri atakweza manja. Manja akakhala m'mwamba Aisraele ankapambana, akatsika ankagonja. Koma Mose adali nkhalamba ndipo manja ake adalema. Aroni ndi Huri adatenga mwala namukhazikapo, wina nagwira dzanja ili, wina linalo, mpaka dzuwa kulowa. Iwo sadaponye mkondo ngakhale umodzi, komabe popanda iwo nkhondo ikadatayika. Ignatius nayenso adali ndi omugwira manja: ku Barcelona mphunzitsi wina adamuphunzitsa mwaulere, ndipo mayi wina dzina lake Isabel Roser adadzipereka kumupezera zosowa zake. Mutu umodzi susenza denga.

Si onse m'parishi muno adzakhale maloya, koma aliyense angathe kukhala Aroni kapena Huri. Limana limene lili ndi membala wobwerera kusukulu limutchule m'mapemphero, makamaka nyengo ya mayeso, ndipo limumvetse akalephera kufika pa zochitika zina. Mnansi angathe kumusungira ana madzulo awiri pa sabata. Aphunzitsi opuma pantchito angathe kupereka Loweruka limodzi kuthandiza akuluakulu amene akubwereza Chingerezi ndi masamu. Amene ali ndi mabuku, laputopu yakale kapena chipinda chowala usiku angathe kubwereketsa. Magulu a banki m'khonde amabwereketsa ndalama za geni ndi za ukwati, ndipo angathe kuganiziranso za fizi ya mayi. Ana aakulu amene adaphunzitsidwa ndi thukuta la makolo awo aganizire ngati nthawi yobweza siidakwane.

Maloya, majisitireti, apolisi ndi ogwira ntchito kundende amene amapemphera m'parishi muno ali ndi mwayi wapadera. Angathe kulangiza amene akuyamba ulendowu, ndiponso kupereka maola ochepa ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere, kuti mayi wolandidwa nyumba adziwe khomo loyenera kugogoda. Ndipo mkhristu aliyense amene ali ndi kanthu, kaya ndi puloti, kaya ndi nyumba ya zipinda ziwiri, alembe wilo akadali moyo. Kulemba wilo sikuitana imfa. Ndi njira imodzi yokhalira nkhoswe ya mkazi ndi ana pa tsiku limene mwini wake sadzatha kuyankhula. Pomaliza, mkhristu amene m'nyumba mwake muli katundu wolandidwa kwa mlamu wake wamasiye adziwe kuti m'fanizo la lero iye ndi mdani uja amene mayi ankamudandaula. Njira yopita ku Sakramenti la Kulapa imadzera pa khomo la mlamuyo, katundu ali m'manja.

Ambuye Yesu adatseka fanizoli ndi funso, kufunsa ngati Mwana wa Munthu pobwera adzapeze chikhulupiriro pansi pano. Chikhulupiriro chimenechi chimaoneka mwa mayi amene sasiya kugogoda. Chimaonekanso mwa munthu wamkulu amene watsegula buku usiku ana atagona, chifukwa wamva kugogodako ndipo akufuna kudzakhala mmodzi mwa otsegula chitseko. Mzimu Woyera, Nkhoswe ya Eklezia, alimbitse onse amene abwerera kusukulu atakula, awasunge oona mtima akadzavala mkanjo, ndipo apatse parishi ino manja osatopa kuwachirikiza mpaka dzuwa kulowa. Amayi Maria, Nkhoswe ya akhristu, ndi Ivo Woyera awapempherere. Amen.